Bambo Ako Amasoka

Mayi wina anafika pakhomo dzuwa lili paliwombo, atasenza kadengu ka mchere, koma mcherewo sanautsatse. Ndicho chinayamba kundikayikitsa. Masiku amenewo nkhondo inali itatseka msewu wa ku Mocuba, ndipo munthu wokhala ndi mchere sankayenda khomo ndi khomo. Ankangokhala pansi pamsika wa Milange, anthu n'kumamuunjirira okha. Uyu anadutsa nyumba zinayi osaima, n'kulunjika kwathu, kumapeto kwa mudzi, kumene kunayambira minda ya tiyi imene inali itasanduka tchire. Anatula dengu, anapempha madzi, ndipo ndisanafike n'komwe pamtsuko anafunsa ngati pano ndi pa adotolo.

Ndinavomera. Ndinavomera msanga, monga ndinkavomerera aliyense, monyadira.

Mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu, ankasewera pakhonde. Wamwamuna, wa chaka ndi miyezi, anali kumbuyo kwanga. Wamkaziyo sankaopa alendo. Anapita kwa mayi uja, anakwera pamwendo pake, anamugwira tsaya, n'kukoka chikope cham'munsi ndi chala chachikulu, ndendende mmene bambo ake ankachitira. Anasuzumira m'disomo nkhope ili gwa, kenako anati, "Mulibe magazi inu. Muzidya masamba."

Mayiyo anaseka. Inenso ndinaseka. Anafunsa mwanayo kuti wamuphunzitsa ndani, ndipo mwana anayankha zimene ine ndinamuphunzitsa, zoti bambo ake ndi adotolo, amang'amba anthu n'kuwasokanso. Ndiye mafunso anayamba kutsatana. Amabwera nthawi yanji? Amadzera njira ya kumsika kapena ya m'tiyi? Ana ndi awiri okhawa? Pofunsa lomalizalo sankayang'ana ine, ankayang'ana miyendo ya mwana imene inkalendewera m'chiuno mwanga. Ine ndinayang'ana mapazi ake. Kapulana, chitenje cha kwathu kuno, anavala wabwino, koma mapazi anali ong'ambika, ofiira ndi dothi la kuphiri, a munthu woyenda masiku. Madzi anangonyowetsa milomo. Potuluka sanalowere kumsika. Anakwera njira ya m'tiyi, mchere wake uli wodzaza momwemo.

Ndinaima ndi chikho m'manja mpaka anabisika.

Amuna anga sanali dotolo. Ankaphunzira udotolo. Iwo ankazinena zimenezi tsiku ndi tsiku, ine ndinkazimva ngati kudzichepetsa chabe. Tinakwatirana ali wothandiza pachipatala, wotsuka zitsulo ndi kunyamula odwala, ine nditalekeza sukulu kalasi yachinayi. Boma litafuna anyamata a mutu, anawasankha, anapita ku Quelimane, kundisiya ndi mwana wamng'ono. Ankabwera pa tchuthi ataonda, atanyamula buku lalikulu la Chipwitikizi lokhala ndi zithunzi za munthu wosendedwa khungu. Tchuthi choyamba ndinawaphera nkhuku. Anayang'ana ntchafu m'mbale, anaitembenuza, anandisonyeza kamtsempha koyera n'kutchula dzina lake, kenako anakankha mbale. Miyezi yambiri nyama sanaidye. Anati kusukuluko anawapatsa mtembo wa mkulu wina wopanda abale kuti aphunzirirepo, ndipo m'mawa uliwonse asanaugwire ankaupatsa moni chamumtima, popeza sakanatha kugwira munthu wamkulu osamulonjera.

Chaka chachitatu anawatumiza kwathu kuno kudzachita esitajiyo, miyezi yophunzira ntchito pafupi ndi dotolo weniweni. Inayenera kukhala miyezi inayi, kenako abwerere kukalemba mayeso. Dotolo weniweniyo anakwera galimoto za asilikali kukatenga mankhwala, msewu unatsekeka iye ali uko, osabweranso. Amuna anga anatsala ndi anamwino awiri ndi buku lija. Anthu opondera mabomba okwirira ankabwera nawo pa njinga, pa machira, pa chitseko. Palibe ankafunsa za mayeso. Aliyense ankangoti adotolo, adotolo.

Kunyumba sankakhazikika. Akafika madzulo ankasamba m'manja kawiri, katatu, sopo wosowa yemweyo, mpaka zala kutuwa. Akatero ankatenga kapulana wanga wakale, kumung'amba dala, n'kuyamba kumusoka ndi kasingano kokhota. Sankasoka ngati ife, kuyendetsa ulusi mpaka kumapeto. Ankabaya kamodzi, kumanga mfundo, kudula. Kubayanso, mfundo, kudula. Nsalu yonse inadzaza timfundo ngati nyerere zili pamzere. Ndinkawaseka kuti telala wotere akanafa ndi njala. Miyendo ya mpando inali ndi mfundo, chogwirira cha ndowa mfundo. Akatopa ankaitana ana, kuwakoka zikope, kuwagogoda pachifuwa ndi zala ziwiri, kuika khutu pamsana. Wamkaziyo ankaima chilili ngati msilikali, n'kumaona zonse.

Tsiku lina anabwera dzuwa likadalipo, sanalowe m'nyumba, anakakhala kuseri pa nthochi. Ndinawapeza atatambasula manja pa mawondo ngati si awo. Anati anabwera ndi mtsikana wopita kukatema nkhuni, chitsulo chitalowa m'mimba. Anawerenga tsamba lake katatu, namwino atagwira buku potsegula, iwo akusamba. Koma atang'amba, m'katimo simunali ngati pachithunzi.

"M'buku muja mtsempha wina ndi wofiira, wina wabuluu, wina wachikasu," anatero. "Mwa munthu zonse ndi magazi, mayi. Ndinafunafuna pomwe akutuluka. Ndinapapeza atapita kale."

Chimene chinawapweteka kwambiri, anati, ndi bambo wa mtsikanayo, amene anawagwira dzanja ndi manja awiri n'kuthokoza kuti adotolo mwayesetsa. Ndiye anandiyang'ana n'kunena kuti pakhomo pano asamvenso mawu akuti adotolo. Anthu akafunsa ndiziti akuphunzira.

Sindinamvere. Ndinene zoona, mawuwo ankandikomera. Ine wa kalasi yachinayi, kuchitsime amayi ankandipatsa malo, kutchalitchi ankandisuntha kutsogolo. Akuphunzira ndi mawu a mwana wa sukulu, ine ndinkafuna mwamuna wotha kale. Iwo akachoka ndinkamufunsa mwana uja pamaso pa anzanga kuti bambo ako ndi ndani, iye n'kuyankha mokweza, tonse n'kuseka. Ndinamuphunzitsa ndine, ngati nyimbo.

Chonsecho zimene ankachita a m'tchire, amene ankamenyana ndi boma, ndinkazidziwa. Tonse tinkazidziwa. Mphunzitsi kapena mlembi wa boma akamupeza ankamupha. Wachipatala sankamupha, ankamufuna wamoyo, chifukwa kumisasa kwawo kunali ovulala opanda wowasoka. Ndipo anali ataphunzira kuti munthu wogwidwa yekha amathawa. Tinamva za namwino wa pakachipatala kena ka kumidzi, kuti anayamba atenga ana ake masana iye ali kuntchito, n'kusiya uthenga woti akawafuna adziwa njira. Anapita yekha, wosamangidwa. Nkhani imeneyo ndinaimva, ndinagwira pakamwa pamodzi ndi anzanga, koma sindinaiike pakhomo panga mpaka tsiku la mchere lija.

Mayi uja atabisika, sindinatseke n'komwe chitseko. Ndinagwira wamkazi padzanja, ndinathamanga naye kulowera kuchipatala, iye akudandaula kuti ndikumupweteka. Njira yonse maso anali uku ndi uku. Munthu wokhala pansi pa mango uja ndimamudziwa? Wa njinga uyu bwanji wachepetsa liwiro? Ngakhale mayi wogulitsa nyemba za kalongonda, amene ndinkagula kwa iye sabata iliyonse, ndinamuona ngati akuwerenga ana anga.

Amuna anga ndinawapeza kuseri kwa chipinda chong'ambira, akuwiritsa zitsulo pa nkhuni. Ndinafotokoza zonse mpweya ukundithera, mchere, mapazi, chikope, mafunso. Anamvetsera osaphethira. Sanandikumbutse zimene anandiletsa, ndipo bola akanandikalipira. Ndinati tinyamuke tonse mawa, tiwoloke, kwa achemwali anga ku Muloza sikutali, munthu amapita ndi kubwera tsiku lomwelo. Anapukusa mutu. Anandikokera pawindo n'kundisonyeza bambo wina wogona pamphasa, mwendo umodzi wothera pabondo, wokulungidwa nsalu, akudya nthochi.

Anati ameneyo anamudula masiku atatu apitawo, ndipo mwa onse amene anawadula okha, popanda wowayang'anira, ndiye woyamba kufika tsiku lachitatu thupi lisanatenthe. Ulusi uyenera kuchoka tsiku lakhumi. Akachoka iwo, palibe wina wodziwa kuona bala ngati layamba kuwola.

"Ndiye mwendo wa munthu wachilendo ukuposa ana anu?"

"Sukuposa." Anasonkheza moto woyaka kale. "Ndikathawa lero sindidzadziwa ngati ndinasoka bwino. Ndidzafa ndisakudziwa ngati manja awa amapha kapena amachiza. Inu tengani ana. Akapeza nyumba yopanda ana, alibe chondikokera."

Ndinawauza mawu oipa, sindiwalemba pano. Iwo anagwada, anakoka chikope cha wamkazi, anakoka cha wamwamuna ali kumbuyo komweko, anaika khutu pamsana pa aliyense nthawi yaitali kuposa masiku onse. Anandibwereza za madzi owiritsa, kamchere ndi kashuga, mwana akatsegula m'mimba. Anati usiku umenewo agona kuchipatala, ife tikagone kwa anansi. Namwino anaitana m'kati, anatsuka m'manja, analowa. Ndinadzawaonanso patapita zaka zitatu, kumsasa wa othawa nkhondo, atathawa kwa a m'tchire amene anawatengadi pachipatala pomwepo. Koma tsiku limenelo ndinangoona msana wawo ndi chitseko.

Nditabwerera kunyumba dzuwa linali litapendeka. Ndinayamba kuona zinthu zimene kale sindinkaziona. Malaya oyera a kuchipatala ali pachingwe, poonekera kwa aliyense wodutsa. Makope awo a kusukulu ali pawindo. Kabotolo ka mankhwala ofiira. Ndinazikulunga zonse m'thumba, ndinakumba pakati pa mizere ya chinangwa, ndinakwirira, n'kubzalapo phesi kuti paoneke ngati pamunda. Zimenezo zinali zosavuta. Chovuta chinali m'kamwa mwa mwana.

Ndinamukhazika pamtondo. Ndinamufunsa kuti bambo ako amatani.

"Ndi adotolo."

Ndinati ayi, kuyambira lero bambo ako ndi mlimi. Anaseka, anati bambo sadziwa kugwira khasu, amatuluka matuza. Ndinati chabwino, amakonza njinga. Anati bodza, ndipo bodza ndi tchimo, anamva kutchalitchi. Ndinafunsanso, anayankha chimodzimodzi, mokweza, akumwetulira, akudikira kuti ndiseke monga kale. Ndinamutsina pantchafu. Sindinali ndinamutsinapo chibadwire. Anandiyang'ana osamvetsa, chifukwa yankho lomwelo dzulo lake linkamupatsa chinangwa chootcha. Analira, wamng'ono naye anayamba, ine ndikuyang'ana njira ya m'tiyi, ndikumuuza kuti atonthole, atonthole, anthu amva.

Ali m'kati molira anati, "Koma amasoka. Ndimawaona ine."

Ndinamusiya. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga kapulana wa timfundo uja, amene ndinamuiwala pokwirira zinthu, n'kumuika m'manja mwake. Ndinati eya, amasoka, limenelo si bodza. Munthu akakufunsa, unene limenelo lokha, ukatero utseke pakamwa. Tinabwereza. Bambo ako amatani? Amasoka. Amasoka chiyani? Nsalu iyi. Tinabwereza pophika, pomusambitsa, popita kwa anansi. Ndinamuuzanso kuti maso a anthu asawagwirenso, ngakhale atakhala oyera ngati ufa. Anafunsa kuti nanga munthuyo akafa?

M'mawa mwake linali tsiku limene amayi ambiri ankawoloka kukagayitsa ku Malawi, popeza zigayo zakwathu zinali zitaima kalekale. Munthu wothawa amadziwika ndi katundu: mphasa, miphika, nkhuku. Ine ndinasenza chimanga cha malichero awiri basi, ngati wobwerera madzulo. Zovala za ana ndinawaveka ziwiriziwiri. Pakhomo ndinasiya mtondo panja ndi nsalu pachingwe. Njira ya pachipata cha boma ndinaipewa, chifukwa kumeneko onse ankandidziwa, wina akanangofuula kuti akazi a adotolo mukupita kuti. Ndinatsata amayi atatu a mudzi wina, osandidziwa, amene ankadzera kanjira kotsikira kumtsinje.

Titayandikira madzi, pamene kanjira kamapanikizika pakati pa nsungwi, tinapeza amuna awiri atakhala pa mwala. Analibe mfuti zooneka, mmodzi anali ndi chikwanje pamiyendo. Sanali asilikali a boma, sanalinso akwathu. Amayi atatu aja anawafunsa pang'ono n'kuwalola. Ine anandiimika, mwina chifukwa cha ana awiri, wamkazi ndi wapamsana. Wachikwanjeyo anafunsa kumene ndikuchokera, ndinatchula mudzi wa amayi aja. Anapisa dzanja m'chimanga. Kenako anagwada kuti alingane ndi mwana wanga, n'kuyamba kumulankhula mokoma, kumutcha kamayi, kumufunsa ngati watopa.

Nkhope yake inali pafupi kwambiri ndi ya mwanayo. Ndipo maso ake, Mulungu wanga, anali otuwa, milomo yoyera, munthu wodwala ndithu. Ndinamva kadzanja ka mwana kakusuntha m'dzanja langa, chala chachikulu chikufuna kutuluka. Ndinafinya. Ndinafinya mpaka ndinamva timafupa.

"Bambo ako ali kuti, kamayi?"

"Kuntchito."

"Amagwira ntchito yanji?"

Mwana anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana madzi.

"Amasoka."

Anatambasula yekha kapulana uja, amene anamukoleka m'khosi, kumuonetsa. Bamboyo anamulandira, anamutembenuza, anayendetsa chala pa timfundo tija. Ndinaganiza kuti munthu amene wakhala kunkhondo waonapo bala losokedwa, mwina ali nalo pathupi pake pomwepo, azindikira. Anaitana mnzake kuti adzaone. Mnzakeyo anayang'ana, anayamba kuseka, anati telala wanji womanga mfundo pa kabowo kalikonse, buluku limodzi angamalize chaka. Wachikwanje sanaseke. Anandiyang'ana ine.

"Amuna anu amasoka chonchi, mayi?"

Mawu amene anatuluka ndi aja anandipempha amuna anga kuseri kwa nthochi, amene ndinawakana chaka chathunthu.

"Akuphunzira," ndinatero.

Mnzake uja anasekanso, anati aphunzire msanga asanamalize nsalu za mkazi wake. Wachikwanje anayang'ana nsaluyo kanthawi, anayang'ana mwana, kenako anamuponyera kapulana wake n'kuloza kumadzi ndi chibwano. Mpaka lero sindidziwa ngati sanazindikire, kapena anazindikira n'kungotopa nazo.

Sindinathamange, ngakhale miyendo inkafuna. Ndinatsika pang'onopang'ono ngati munthu wopita kuchigayo. Madzi anali ozizira, a kuphiri, ofika m'ntchafu. Kwa mwana akanafika m'khosi. Ndinamunyamula m'chiuno kumanzere, wina ali kumbuyo, chimanga pamutu, dzanja limodzi likugwira thumba, miyala ikuterera. Pakati pa mtsinje mwana anaika pakamwa pake pakhutu langa n'kunong'ona kuti bambo aja alibe magazi, ndipo iye sanawauze. Ndinati wachita bwino. Anati koma adwala. Ndinati gwira khosi langa.

Kutsidya amayi atatu aja anakhotera kuchigayo, akundikodola kuti tiyeni tikaime pamzere dzuwa lisanakwere. Ndinawauza kuti atsogole, ndikufuna ndiyamwitse. Atabisika ndinatula thumba, ndinavula ana zovala zapamwamba zonyowa, ndinazifinya. Ndinayang'ana dzanja la mwana wanga, linali ndi zipsera za zikhadabo zanga zinayi. Ndinamupukuta ndi kapulana wa bambo ake, timfundo tikumukanda, iye osadandaula. Kumbuyo kwathu phiri la Tumbine linkaoneka lonse, ndi denga la malata limene ndinkaganiza kuti ndi la chipatala, kaya linali lomwelo.

Ndinasenzanso chimanga, ndinamugwira dzanja linalo, tinalowera njira ya kwa achemwali anga. Tisanafike pa nyumba yoyamba ndinamufunsanso kuti bambo ako amatani, ndipo anayankha bwino.